Mento ya Pakhomo

1995 mpaka 2000

Ana anga, za kumudzi ku Dowa ndi za ubwana wanga munazimva mpaka kutopa nazo, ndiye sindibwerezanso. Ndiyambire pa choko. Uphunzitsi ndinauyambira pa kasukulu kena kuseri kwa Njewa, zaka zija boma litangonena kuti pulayimale ikhale yaulere. Ana anakhamukira kusukulu, aphunzitsi n'kuperewera, ndiye anatitola ife, kutiphunzitsa mothamanga, n'kutiuza kuti zotsalazo tikazidziwira konko. Masamu ndinkaphunzitsa ndi timitengo, miyala ndi zitsekerero za mabotolo zotunga pa ulusi. Mwana akafuna kulemba ankasalaza dothi ndi chikhatho n'kulemba ndi chala, ine n'kumadutsa ndi kamtengo kuchonga pansi pomwepo. Ndinkadandaula kuti tikuvutika, osadziwa kuti mavuto enieni akundidikira m'tauni. Bambo anu atapeza ntchito ku Kanengo tinachita lendi nyumba ku Nsungwi, ine n'kupempha kuti andisamutse. Anandipatsa sukulu ina ya kumbali komweko. Dzina lake sindilemba, chifukwa anthu amene nditchule muno ali ndi ana ndi zidzukulu.

2001

Ndinalandiridwa ndi ahedi, a Mbewe, bambo wamtali, wowonda, wosaseka wamba, amene ankafika pasukulu ana asanayambe kusesa. Anandipatsa Sitandade 4, ndipo anandiuza kuti ndithokoze Mulungu chifukwa kalasi imeneyo inali ndi chipinda. Makalasi ena ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo, ndiye kukhala ndi chipinda unali ulemu waukulu, aphunzitsi ena ankaleka kupatsana moni chifukwa cha nkhani imeneyi. Chipindacho chinalibe madesiki. Mazenera anali a njerwa zoboola zija, bolodi inali simenti yopaka makala a m'mabatire. Ana ankakhala pansi, mawondo a wina pamsana pa mnzake, ine n'kutsala ndi kanjira kongokwana phazi limodzi kutsogolo kwa bolodi. Koma ngakhale atapanikizana chonchi, onse sankakwanamo ayi. Ana a ku Mgona ndi a kuno ku Nsungwi anali mbwee, chipinda chimodzi chomwecho.

Ndiye belu likangolira kunkakhala nkhondo pakhomo. Anyamata akuluakulu ankalowa ndi zigongono, timwana tating'ono n'kutsala panja tikulira. Tsiku lina kamtsikana kena kanagwa pakhomopo, anzake n'kukaponda, mkono thyo. Bambo ake anabwera atakwiya koopsa, moti ahedi anachita kuwapepesa pamaso pa ana. Masana ake a Mbewe anatiitana aphunzitsi a m'zipinda tonse. Anati, "Pakhomo pakufunika chosankhira. Panopa chikusankha ndi chigongono. Kuyambira mawa chizisankha ndi mutu." Iwo anapitiriza, "Ana aziima pamzere. Mphunzitsi aime pakhomo ndi rula, afunse mento, funso limodzi mwana mmodzi. Wakhoza alowe. Walakwa, kapena rula yagogoda kachitatu asanayankhe, abwerere kumbuyo kwa mzere. M'kati mukadzaza, basi, otsalawo amvere pazenera."

Mento, kwa inu amene munakula ndi makakyuleta, ndi masamu a pamutu, opanda kope, opanda kuwerenga zala. Mu Sitandade 4 kwenikweni anali matebulo a kuchulukitsa. Ndisakunamizeni, ndinavomera, ndipo zinagwira ntchito. Palibenso mwana anathyoka. Ana ankaloweza matebulo m'njira, pamjigo, ngakhale pokagula makala, ungomva "sikisi thaimusi foo, twente foo" kuseri kwa mpanda. Makolo anayamba kutitama kuti pasukulu paja masamu alipo. Tikalowa ndinkalemba chitsanzo pa bolodi, kaya n'kuchotsera kobwereka, kaya n'kugawa, tikuchita limodzi mokweza, kenaka ntchito. Kuchonga kunali kwa mzere: mwana aliyense ndi kope lake m'manja, ine kungoyang'ana yankho lomaliza, chonga, tayi, chonga, tayi, osafunsa kuti walipeza bwanji. Mayeso a kumapeto kwa teremu ndinkalemba pa bolodi, ana n'kuthothola pepala m'kope. Ndi mmene masamu ankayendera. Ndikatembenuka kuchoka pa bolodi ndinkaona maso m'mabowo a zenera, ndipo patapita miyezi ndinazindikira kuti ndi maso omwe aja tsiku ndi tsiku.

2003, teremu yoyamba

Chaka chimenechi iwe Tadala unali utangosiya kuyamwa. M'kalasi mwanga munabwera mtsikana wina dzina lake Esinala, wamtali kuposa anzake chifukwa anali atabwerezapo kale Sitandade 3. Makolo ake anali ochokera ku Phalombe, ankakhala ku Mgona, bambo ake ankalondera nyumba zosungiramo fodya ku Kanengo. Esinala anali wachibwibwi, osati chamasewera. Akafuna kutulutsa liwu nsagwada zinkanjenjemera, maso n'kutsinzina, mitsempha ya pakhosi tolotolo, liwu osatuluka. Anzake ankati kutchalitchi amaimba bwinobwino osakodwa, koma pakhomo panga, rula ili m'manja, anzake ambirimbiri akumupumira m'khosi, kunkangomveka "fi, fi, fi", rula n'kugogoda. Ankabwerera kumbuyo kwa mzere osadandaula. Pofika pakhomo kachiwiri m'kati munkakhala mutadzaza tho. Januwale yense, Febuluwale yense, mwana ameneyu anaphunzirira pazenera, mvula ikamagwa atafunda thumba la feteleza. Ine ndinkangoti ndi wouma mutu ngati enawo, chifukwa mwana wobwereza timamuweruziratu.

M'mawa wina kunali kutagwa mvula usiku wonse, pakhomo pali matope. Ndinamufunsa, "Seveni thaimusi eyiti." Anayamba kulimbana nalo liwu monga mwa masiku onse, anzake akumuyeserera kumbuyo. Rula inagogoda, iye n'kuchokapo. Pofuna kufunsa wotsatira ndinagwetsa maso pansi, ndipo pamene anaima paja panali 56, yolembedwa ndi chala chachikulu cha kuphazi. Mutu wanga unaima. Mawa lake ndinamufunsa lovuta dala, nayini thaimusi seveni, koma maso anga anali kuphazi. Pakamwa panakanika, phazi linalemba 63 rula isanagogode n'komwe kachiwiri. Ndinati, "Lowa." Anandiyang'ana ngati sanamve. Ndinati, "Iwe, ndati lowa!" Koma abale, phokoso lake! Mzere wonse unakuwa kuti, "Madamu akondera! Sanayankhe! Sanayankhe!"

Pofika buleki nkhani inali itafika kale ku ofesi. A Mbewe anandiitana n'kunena kuti, "Mayi Nankhoma, ndamva kuti kwanuko ana ayamba kuyankha ndi miyendo." Ndinati, "Ahedi, mwana uja amadziwa. Tikuyesa masamu kapena tikuyesa lilime?" Iwo anapukusa mutu. "Ine sindikutsutsa kuti amadziwa. Koma mawa lomweli mukapeza kalasi yonse ili ndi chibwibwi." Ndinatuluka nditatupa, ndikuti bambowa alibe chisoni. Mawa lake ndinachita manyazi ndekha. Theka la mzere linali "fo, fo, fo", "se, se, se", aliyense akukanda pansi ndi phazi, ena akukopera manambala amene anzawo anasiya m'matopemo. Mpaka nthawi ya masamu inatha tili pakhomo. Ndinakwapula awiri atatu chifukwa chonyoza mnzawo, koma sizinathandize. Ahedi anabwera okha, anaima pakhomo panga n'kulengeza kuti yankho ndi la pakamwa basi, kwa mwana aliyense. Esinala anabwerera pazenera, ndipo tsopano anali ndi dzina latsopano, ankamuti mwana wa madamu.

Sabata yotsekera teremu bambo ake anandipeza. Anachokera kuntchito molunjika, atavala chijasi chaulonda, maso ali psuu ndi tulo. Anavula chipewa n'kukhala pa njerwa. Anati, "Aphunzitsi, ine sindinaphunzire, ndiye mundikhululukire ngati ndilakwitsa. Mwana wanga amachoka kunyumba atasamba, amabwerako atanyowa. Ndikamufunsa akuti amaphunzirira pazenera. Ngati nkhani ndi yoima panja, kwathunso panja palipo." Ndinayesa kuwafotokozera za mento, koma ndinkadzimva ndekha kuti ndikulankhula zopanda mutu. Iwo anadikira kuti ndimalize, kenaka anati, "Kuli anthu ena ku Biwi akufuna mtsikana wothandiza pakhomo. Mayi ake akukana, inenso mtima sukufuna. Koma anabwereza kale kamodzi. Ndamupatsa chaka chino. Akakhoza, apitirize. Akabwerezanso, basi, sindingamasunge munthu wamkulu woima pazenera." Ndinawauza kuti mwana wawo sabwereza. Ndinanena motsimikiza, ngati kuti sukuluyo inali yanga.

Meyi 2003

Tchuthi chonse ndinkangotembenuza nkhani imeneyi m'mutu. Titatsegulira ndinapempha ahedi kuti mwanayo ndizimulowetsa mwakachetechete mzere usanayambe. Anakana, ati makolo a ana otsala panja akamva ndiwayankha chiyani. Ndinapempha kuti kalasi igawidwe pawiri, ena m'mawa ena masana. Anati mphunzitsi wa masanayo ndimupeze ndekha. Ndiye ndinaona kuti chatsala n'chimodzi. Kuseri kwa buloko yathu kunali mtengo wa kesha, pamene Mayi Nabanda ankaphunzitsira Sitandade 3. Mayi ameneyu anali atalira chipinda kwa zaka, moti akadutsa pakhomo panga ankasuzumira ngati akuona nsalu m'sitolo. Pansi pa mtengo palibe khomo. Popanda khomo palibe wolowa, palibe wotsala.

Nditawauza bambo anu, anasiya kudya n'kundiyang'ana. Anati, "Mayi a Tadala, mtima wapachala wanuwo udzakupwetekani. Mukutaya denga chifukwa cha mwana wa eni?" Ndinati si mwana mmodzi, pazenera paja pali ana ambiri. Koma m'mtima ndinkadziwa kuti akunena zoona, amene ankandisowetsa tulo anali Esinala. A Mbewe nawo sanakalipe. Anavula magalasi n'kunena kuti, "Mukulimba mtima chifukwa mvula yatha. Novembala akubwera, mayi. Ndipo ndikuuziretuni, chipinda chikapita sichibwerera." Ndinati ndamva. Mayi Nabanda sanadikire n'komwe kuti ndifufute bolodi, anasamuka tsiku lomwelo. Mawa lake ndinawaona ataima pakhomo langa lija ndi rula, timwana ta Sitandade 3 tili pamzere. Mento ya pakhomo sinathe ayi, inangosintha ana.

Pansi pa kesha ndinaonapo zakuda. Bolodi inali ya thabwa, yong'aluka pakati, yonyamula m'mawa uliwonse kuchokera ku ofesi n'kuitsamiritsa pa tsinde. Juni atafika mphepo ya mwera inkatimenya ndi fumbi, ana milomo ili mbuu, zala zitauma moti pensulo inkawapulumuka. Oitanira maminibasi kumsewu ankandiposa mawu. Ana akumbuyo ankasewera phada ine ndikugawa manambala kutsogolo. Mawu anga anasasa, ndipo mpaka lero mukamandiseka kuti ndimalankhula ngati wosuta fodya, dziwani kuti ndinawasiya pamenepo. Ana anzeru aja, amene ankalowa tsiku lililonse, anandida poyera. Mayi wina wogulitsa tomato pamsika wa Nsungwi anandiimitsa anthu akuona n'kunena kuti, "Inu ndi aphunzitsi aja munatulutsa ana athu m'kalasi chifukwa cha kamtsikana kosayankhula? Mwana wanga analoweza matebulo kuti azikhala pafumbi?" Ndinawayankha mawu amene sindingalembe muno, ndipo tomato ndinayamba kukagula kwina. Makolo amene anali ndi kangachepe anachotsa ana awo n'kuwapititsa ku timasukulu tapulaiveti. Ena anakadandaula ku komiti ya sukulu kuti ndimakondera.

Koma Esinala anakhala kutsogolo kwenikweni. Ndinabwerera ku njira ya ku Njewa ija: funso pa bolodi, aliyense asalaze dothi alembe, ine ndidutse ndi kamtengo. Pamenepo ndiye ndinamuona bwino mwana uja. Ankamaliza anzake asanafike pakati, n'kufufuta, n'kukhala manja ali pamiyendo. Nthawi zina ankafikira mnzake woyandikana naye n'kumulozera ndi chala pamene wasokoneza pobwereka, osatulutsa liwu. Pa mayeso olemba a teremu yachiwiri iye anali m'gulu la ana apamwamba pa masamu. Vuto linali lakuti Chichewa ndi Chingerezi zinali ndi gawo lowerenga mokweza pamaso pa mphunzitsi, ndipo kumeneko ankangotolako zochepa. Pophatikiza malikisi onse ankangodutsa pang'ono, omukoka ali masamu. Ndinadziwiratu kuti akaterereka pa masamu a teremu yachitatu, amene ankagamula zokwera kalasi, palibe china chimene chingamugwire.

Novembala 2003

Okutobala tinamutha tikusuntha ndi mthunzi, kalasi yonse kuzungulira mtengo ngati mbuzi yapachingwe. Sabata ya mayeso itayandikira mitambo inayamba kuunjikana kumadzulo. Ndinadzichepetsa, ndinapita kwa Mayi Nabanda. Ndinati, "Anzanga, ndibwerekeni chipinda m'mawa umodzi wokha, tsiku la masamu." Anandiyankha akuchonga makope, osadzutsa n'komwe mutu, "Anganso akulemba tsiku lomwelo. Munachipereka nokha, mayi, palibe anakulandani." Sindingawanene kwambiri, akanakhala ine mwina ndikanayankha chimodzimodzi.

Tsikulo kunacha bwinobwino. Ndinalemba mafunso pa bolodi, ana anathothola mapepala omaliza m'makope awo, popeza kumapeto kwa chaka makope amakhala atatha. Kunali zii, aliyense ataweramira pa bondo. Ali pakati, mphepo inabwera kaye, bolodi n'kugwa chafufumimba. Tikuti tiidzutse, mvula ija inangokhuthuka kamodzin'kamodzi. Ana anabalalika kuthawira m'makonde a zipinda za anzawo, ena kuthamangira kwawo. Ndinkakuwa kuti sungani mapepala, koma ndani akanandimva? Itadukiza ndinatolera zimene ndinatha. Choko chinali chitatsukika, mapepala ali phala lokhalokha. Esinala anandibweretsera lake atalibisa m'malaya, koma madzi anali atamulowa mpaka m'kati, ndipo pofuna kulitambasula linangonyenyeka m'manja mwanga.

Mvula sinapumenso sabata imeneyo. Zipinda zonse zinali ndi mayeso a eni ake, mapepala kunalibe, tsiku lotsekera lili pafupi, ndipo alangizi a ku zoni ankafuna zotsatira. A Mbewe anagamula kuti Sitandade 4 iyesedwe masamu pakamwa, pakhonde la ofesi, mwana mmodzimmodzi. Anatinso ofunsa akhala iwo, apampando a komiti ya sukulu atakhala pambali ngati mboni, chifukwa makolo anali atanena kale kuti madamu aja amakondera. Apampandowo mwana wawo anali mmodzi mwa amene ndinawachotsa m'chipinda. Nditamva, magazi anandikwera. Ndinalowa mu ofesi osagogoda. Ndinati, "Ahedi, mukudziwa bwino lomwe kuti mwapha mwana uja." Anati, "Sindinagwetse mvula ine." Ndinati, "Mupatseni choko alembe pakhoma!" Anati, "Ndikapatsa mmodzi ndipatsa onse, ndipo tidzamaliza pa Khirisimasi. Apampando ali apo, mukawauze nokha kuti mwana wa madamu ali ndi mayeso akeake." Ndinati atenge malikisi a teremu yachiwiri. Anati ndiye atengere onse, ndipo amene analephera teremu ija koma alimbikira ino makolo awo abwera ndi miyala. Ndinakuwa mpaka aphunzitsi anatuluka m'makalasi kudzaona. Iwo anatsokomola, kenaka anati motsitsa, "Ndinakuuzani za Novembala, mayi."

Ana anaima pamzere m'mbali mwa khoma, madzi akudontha kuchokera pa malata. Ine anandiuza kuti ndiime patali. Itafika nthawi ya Esinala ndinaona a Mbewe akuika rula pansi. Zimenezi ndiyenera kuwalembera, chifukwa anamwalira kalekale ndipo sangadzinenere okha: sanagogode. Anamufunsa funso losavuta, eyiti thaimusi faifi, n'kudikira. Mwana uja anatsinzina, nsagwada zikugwedezeka, manja atafumbata diresi. Anzake onse maso ali pa iye, apampando akuyang'ana wotchi. Anamufunsa lina, n'kudikiranso nthawi yaitali kuposa mwana wina aliyense. Kunangotuluka mpweya. Misozi inayamba kutsika yokha, iye osalira mokweza, akulimbanabe ndi liwu lomwe lija. Apampando anati, "Ahedi, ana ndi ambiri." A Mbewe analemba zimene analembazo, ndipo sanandiyang'ane.

Tsiku lotsekera mayina ankawerengedwa pabwalo, sukulu yonse itasonkhana, kuyambira nambala wani kutsika. Okhoza ankathamangira mbali imodzi akudumpha, olephera n'kutsala atakhala pansi, anzawo akuwawowoza. Chaka chimenecho kalasi yanga inatsala yambiri pansi kuposa zaka zonse, ndipo makolo sanalephere kundiloza chala. Esinala anali pakati pawo, wamtali kuposa onse, moti sukanamuphonya. Ndinati ndimufikire mwambo ukatha, koma ndisanapyole gulu la ana anali atapita.

Patapita zaka zingapo kunabwera silabasi yatsopano. Anatiitana ku semina n'kutiuza kuti mwana aziyesedwa pang'onopang'ono chaka chonse, m'njira zosiyanasiyana, aliyense monga mmene angathere kuonetsa zimene akudziwa. Anzanga ankalemba manotsi. Ine ndinafunsa wophunzitsayo kuti kodi silabasiyo ikubwera ndi malata? Anthu anaseka, koma ine sindinkaseka. Bambo anu mpaka lero amati ndikanangokhala m'chipinda changa, mwina mwanayo akanalemba mayeso ali pouma ngakhale anaphunzirira pazenera. Mwina. Ine ndimati mwana saphunzirira pa bowo la njerwa, ndipo atandibwezera chaka chimenecho ndikhoza kutulukanso. Timakangana, kenaka wina amakatsegula wailesi.

Januwale 2004

Titatsegulira ndinali pansi pa kesha pomwe paja ndi Sitandade 4 yatsopano, pamodzi ndi obwereza. Sabata yoyamba Esinala sanaoneke. Ndinati mwina ndi mvula. Sabata yachiwiri ndinafunsa ana a ku Mgona, onse anangoyang'ana pansi. Loweruka ndinakubereka kumsana iwe Tadala, ndinatenga kamtsikana kena kuti kandilondolere, n'kulowa m'tinjira ta ku Mgona tija, matope ofika m'akakolo, madzi oipa akuyenda pakati pa nyumba. Ndinali nditakonza mawu anga onse. Ndinkati ndikawauze bambo aja kuti andipatse chaka chimodzi chokha, ngati n'kutheka mwanayo azikhala kwathu, ndizimuphunzitsa ndekha madzulo.

Ndinapeza mayi ake akuchapa pa mwala kuseri kwa kanyumba ka chipinda chimodzi. Atandizindikira anapukuta manja, anandiyalira chiguduli, n'kundipatsa moni mogwada. Anati bambo agona, achokera kuntchito, ndipo ndiwakhululukire sangawadzutse. Ndinafunsa za Esinala. Anati, "Anapita ku Biwi, aphunzitsi, Khirisimasi itangodutsa." Ndinayamba kulankhula zonse ndinakonza zija, mofulumira, mawu akupanikizana. Ndinati mwana wawo ali ndi mutu wa masamu woposa ana onse amene ndinaphunzitsapo, kuti inalakwa ndi mvula, kuti ndikamutenga ndekha ku Biwiko akangondiuza nyumba yake. Anandimvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa beseni. Kenaka anati, "Bambo ake ananena kamodzi, ndipo inu munalipo. Kubwerera uko ndiye ayi, anthu aja tinapangana nawo."

Iwe unayamba kulira kumsana, ine osakusuntha n'komwe. Mayi aja anaona kuti zandipweteka, ndipo chifukwa anali munthu wabwino anafuna kunditonthoza. Anasendera pafupi n'kundigwira pa bondo ndi dzanja lawo lonyowa lija.

Anati, "Musadandaule, aphunzitsi, ali bwino. Abwana ake amukonda kwambiri. Akuti atsikana ena onse amene anawalembapo anali apakamwa, koma uyu ndiye mwana wabwino, sayankhula."